Mutu 7: Mtsutso wa Masapota pa Nkhani Yochotsa Mphunzitsi mu Ligi ya NBA

Ligi ya National Basketball Association, imene imadziwika mwachidule kuti NBA, ndi mpikisano waukulu kwambiri wa masewero a basketball pa dziko lonse, ndipo muli matimu 30, omwe 29 mwa iwo ali m'mizinda ya dziko la United States pomwe imodzi ili mumzinda wa Toronto ku Canada. Timu iliyonse imasewera masewero 82 pa nyengo imodzi, kuyambira mwezi wa Okutobala kufikira mwezi wa Epulo, kenaka matimu 16 amalowa m'ndime yachipulula, imene eni ake amaitcha playoffs, momwe matimu awiriawiri amakumana mobwereza kufikira imodzi itapambana kanayi ndipo yogonjayo imatuluka mumpikisano. Popeza chikho ndi chimodzi chokha, chaka chilichonse matimu 29 amatsala manja ali m'khosi, ndipo m'mizinda yambiri funso loyamba limene masapota amafunsana ndi lakuti kodi mphunzitsi wa timu apitirize ntchito kapena achotsedwe. Mutu uno ukufotokoza chimene chimautsa mtsutsowu, mfundo zimene mbali ziwiri zimaimapo, umboni umene mbiri ya ligiyi ikupereka, ndiponso njira yoweruzira nkhani yotere mwachilungamo.

Ntchito ya mphunzitsi

Timu iliyonse imalowetsa osewera asanu m'bwalo pa nthawi imodzi, ndipo masewero amatenga mphindi 48 zogawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 12. Mosiyana ndi mpira wamiyendo, wosewera amene watulutsidwa atha kulowanso, choncho mphunzitsi amakhala akusintha osewera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kagawidwe ka mphindi 48 zija pakati pa osewera ake ndi chinthu choyamba chimene masapota amamuweruza nacho. Chachiwiri ndi kuimitsa masewero, chifukwa malamulo amalola timu kupempha kupuma kwa kanthawi kasanu ndi kawiri, ndipo mphunzitsi amene angoyang'ana pamene timu inayo ikumwetsa motsatizana amanenedwa kuti wagona pa ntchito. Chachitatu ndi kusintha machitidwe m'ndime yachipulula, momwe timu ikhoza kukumana ndi mdani mmodzimodziyo kasanu ndi kawiri m'masabata awiri, kotero kuti chofooka chimene chaoneka lero chimagwiritsidwa ntchito mawa ngati sichinakonzedwe.

Zinthu zitatuzi zimaoneka pa kanema, koma ndi gawo lochepa chabe la ntchito yonse. Gawo lalikulu limachitikira kumene sapota safika, monga pa zokonzekera, m'chipinda choonera makanema a masewero apitawo, m'ndege, ndi m'chipinda chovalira, momwe mphunzitsi amayenera kuuza katswiri wolandira madola mamiliyoni ambiri kuti achepetse kuponya, kapena kutonthoza wosewera wamkulu amene walandidwa malo ndi mnyamata. Mphunzitsi amayang'aniranso gulu la omuthandiza, amakulitsa luso la osewera achinyamata, ndipo amayankha mafunso a atolankhani masewero asanayambe ndiponso akatha. Apa ndi pamene pagona vuto loyamba la mtsutso wa masapota, chifukwa iwo amaweruza ntchito yonse poona kachigawo kamene kali poyera, pomwe akuluakulu a timu nthawi zambiri amachotsa munthu chifukwa cha zinthu zimene zidachitikira kuseri.

Chifukwa chimene mphunzitsi amayambira kuchoka

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene aphunzitsi a NBA sakhalitsira pa ntchito, ayenera kudziwa kaye malamulo a ndalama a ligiyi. Kuyambira mu 1984 ligiyi ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo mu nyengo ya 2024-25 malirewa adali pafupifupi madola 140 miliyoni. Timu ikhoza kupyola malirewa m'njira zina zololedwa, koma ikapitirira kwambiri imalipira msonkho wachilango ndipo imaletsedwa njira zina zopezera osewera. Kuwonjezera apo, makontirakiti ambiri a osewera ndi otsimikizika, kutanthauza kuti wosewera amalandira ndalama zake zonse ngakhale atavulala kapena luso lake litatsika. Malipiro a mphunzitsi sawerengedwa m'malire aja, choncho mwini timu amene ali ndi ndalama akhoza kuchotsa mphunzitsi lero ndi kulemba wina mawa popanda lamulo la ligi lomuletsa, pomwe kusintha osewera anayi kapena asanu kungamutengere zaka.

Chifukwa china ndi kukula kwa mphamvu ya katswiri mmodzi m'masewero a anthu asanu. Wosewera ngati LeBron James, Nikola Jokić kapena Giannis Antetokounmpo amagwira mpira pafupifupi nthawi iliyonse imene timu yake ikupita kukamwetsa, ndipo osewera a mtundu wotere ndi owerengeka pa dziko lonse, pomwe anthu oti n'kuphunzitsa timu ndi ambirimbiri. Katswiri ndi mphunzitsi akasemphana, akuluakulu a timu sachedwa kudziwa amene angamulowe m'malo mosavuta. Chitsanzo chakale ndi cha Paul Westhead, amene adapambana chikho ndi Los Angeles Lakers mu 1980 koma adachotsedwa mu Novembala 1981, timu itapambana masewero 7 mwa 11 oyamba, patangopita tsiku limodzi katswiri wake Magic Johnson atanena poyera kuti akufuna kugulitsidwa ku timu ina. Masapota ambiri adakwiyira Johnson ndipo ankamukuwiza m'mabwalo, koma Pat Riley, amene adatenga malowo, adabweretsa zikho zinayi mu 1982, 1985, 1987 ndi 1988. Chomaliza, mkulu amene adasankha osewerawo ndi yemweyo amene amalangiza mwini timu za tsogolo la mphunzitsi, ndipo n'kovuta kuti munthu adziloze yekha chala. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mu NBA mutu umene umalandira nkhonyazo si nthawi zonse umakhala waukulu koposa.

Mfundo za ofuna kuti mphunzitsi achoke

Masapota amene amafuna kusintha ali ndi mfundo yaikulu imodzi, yakuti nthawi ya katswiri ndi yaifupi ndipo chaka chilichonse chimene chawonongeka sichibwereranso. Iwo amati mphunzitsi amene adachotsa timu pansi n'kuifikitsa pakati si nthawi zonse amakhala woyenera kuifikitsa pamwamba, chifukwa kumanga timu ndi kupambana chikho ndi maluso awiri osiyana. Amanenanso kuti pakapita zaka zingapo osewera amatopa ndi mawu a munthu mmodzimodzi, ndipo malangizo amene kale ankawadzutsa amayamba kungowadutsa m'makutu.

Mbiri ya ligiyi ili ndi zitsanzo zingapo zimene mbali iyi imazikonda. Doug Collins adafikitsa Chicago Bulls ya Michael Jordan m'ndime ya matimu anayi mu 1989, komabe adachotsedwa chaka chomwecho, ndipo womuthandiza wake Phil Jackson, amene adakakamiza timu kugawana mpira m'malo modalira Jordan yekha, adapambana zikho zisanu ndi chimodzi pakati pa 1991 ndi 1998. Mark Jackson adachotsedwa ku Golden State Warriors mu Meyi 2014 timu itapambana masewero 51, ndipo ambiri adaona ngati adalakwiridwa popeza ndiye adaibwezera timuyo ulemu, koma Steve Kerr, amene adali asanaphunzitsepo timu iliyonse, adatenga pafupifupi osewera omwewo, n'kuwonjezera kupatsirana mpira ndi kuthamanga popanda mpira, ndipo adapambana masewero 67 ndi chikho mu 2015, kenaka masewero 73 mu nyengo yotsatira. David Blatt adachotsedwa ku Cleveland Cavaliers mu Januwale 2016 timu yake ili pamwamba pa chigawo cha kummawa itapambana masewero 30 mwa 41, ndipo patangotha miyezi isanu wolowa m'malo mwake Tyronn Lue adapatsa mzindawo chikho choyamba cha NBA, timu yake itatembenuza mpikisano womaliza umene idali kutsalira ndi masewero atatu kwa amodzi.

Nkhani imene imatchulidwa kwambiri ndi ya Dwane Casey wa Toronto Raptors. Mu nyengo ya 2017-18 timu yake idapambana masewero 59, chiwerengero chimene idali isanafikepo, koma idatulutsidwa ndi Cleveland ya LeBron James kwa chaka chachitatu chotsatizana, ndipo ulendo umenewu, monga momwe zidakhaliranso mu 2017, sidapambaneko ngakhale kamodzi. Masai Ujiri, mkulu wa timuyo amene adakulira ku Nigeria, adamuchotsa mu Meyi 2018, ndipo mwezi wotsatira Casey adalandira mphoto ya mphunzitsi wochita bwino koposa pa chaka ali kale pa ntchito ina ku Detroit. Nick Nurse, amene adali womuthandiza, adapambana chikho mu 2019. Kwa ofuna kusintha, nkhaniyi ndi umboni wakuti kulimba mtima kumalipira.

Mfundo za ofuna kuti mphunzitsi apatsidwe nthawi

Mbali inayo imayankha pogwiritsa ntchito nkhani yomweyo ya Toronto. Pakati pa kuchoka kwa Casey ndi kubwera kwa chikho padachitika zinthu zina zitatu zazikulu, pakuti timuyo idapereka DeMar DeRozan n'kulandira Kawhi Leonard, idapezanso Marc Gasol mkati mwa nyengo, ndipo LeBron James, amene adali chopinga chake chachikulu, adasamukira ku Los Angeles m'chigawo cha kumadzulo. Zinthu zinayi zikasintha nthawi imodzi, palibe amene anganene motsimikiza kuti chimodzi chokha ndicho chidabweretsa zotsatira. Chomwechonso Tyronn Lue, amene adatamandidwa mu 2016, adachotsedwa mu Okutobala 2018 atagonja masewero asanu ndi amodzi oyamba James atachoka, ngakhale kuti nzeru zake zidali zomwezo.

Mbali imeneyi ili ndi zitsanzo zakezake za matimu amene adapindula chifukwa chosamvera phokoso. Mu nyengo ya 2006-07 Boston Celtics idapambana masewero 24 okha ndipo idagonja masewero 18 motsatizana, katswiri wake Paul Pierce atavulala, kotero kuti masapota ambiri ankafuna kuti Doc Rivers achoke. Mkulu wa timuyo Danny Ainge adasunga mphunzitsiyo n'kusintha osewera pobweretsa Kevin Garnett ndi Ray Allen, ndipo nyengo yotsatira timu idapambana masewero 66 ndi chikho. Erik Spoelstra, amene adayamba ntchito ku Miami Heat mu 1995 ngati wokonza makanema a masewero, adatsala pang'ono kumira m'mawu mu 2010 pamene timu ya James, Dwyane Wade ndi Chris Bosh idapambana masewero 9 okha mwa 17 oyamba, ndiponso pamene idagonja kwa Dallas m'ndime yomaliza mu 2011. Pat Riley, amene pa nthawiyo adali mkulu wa timuyo, adakana kumuchotsa, ndipo Spoelstra adapambana zikho mu 2012 ndi 2013 n'kufikanso m'ndime yomaliza mu 2014, 2020 ndi 2023. Joe Mazzulla wa Boston adadzudzulidwa kwambiri mu 2023 chifukwa chochedwa kuimitsa masewero, makamaka timu yake itagonja masewero atatu oyamba kwa Miami, koma adasungidwa, adapatsidwa omuthandiza odziwa ntchito pamodzi ndi osewera Jrue Holiday ndi Kristaps Porziņģis, ndipo mu 2024 adapambana masewero 64 ndi chikho cha nambala 18 cha timuyo.

Pali ndiponso matimu amene adasintha aphunzitsi mobwereza osapeza chimene ankafuna. Phoenix Suns idachotsa Monty Williams mu 2023, Frank Vogel mu 2024 ndi Mike Budenholzer mu 2025, ndipo m'nyengo zitatuzo idapambana masewero 45, kenaka 49, kenaka 36, zomwe zikusonyeza kuti vuto lidali m'kasankhidwe ka osewera, popeza ndalama zambiri zidathera pa akatswiri atatu ndipo malo otsalawo adadzazidwa ndi osewera otsika mtengo. Milwaukee Bucks idachotsa Budenholzer mu Meyi 2023, patangopita zaka ziwiri iye atapatsa mzindawo chikho choyamba kuchokera mu 1971, chifukwa timu imene idapambana masewero 58 idatulutsidwa ndi Miami m'gawo loyamba la ndime yachipulula, pamene Antetokounmpo adavulala msana n'kulephera kusewera masewero awiri. Wolowa m'malo mwake, Adrian Griffin, adachotsedwa mu Januwale 2024 atapambana masewero 30 mwa 43, ndipo pansi pa Doc Rivers timuyo idapambana masewero 17 mwa 36 otsala n'kutulukanso m'gawo loyamba.

Zinthu zimene zimasokoneza chiweruzo

Chosokoneza choyamba ndi chimene akatswiri a ziwerengero amachitcha kubwerera pakatikati, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti zotsatira zoipa mopyola muyeso kawirikawiri zimatsatiridwa ndi zotsatira zabwinoko ngakhale popanda chimene chasinthidwa, chifukwa tsoka, kuvulala ndi ndondomeko yovuta ya masewero sizikhala mpaka kalekale. Aphunzitsi ambiri amachotsedwa timu ili pansi penipeni, choncho wolowa m'malo amatamandidwa chifukwa cha kukwera kumene mwina kukadachitikabe. Detroit Pistons idapambana masewero 14 okha mu nyengo ya 2023-24, kuphatikizapo kugonja masewero 28 motsatizana, ndipo Monty Williams atachotsedwa idapambana 44 pansi pa J.B. Bickerstaff. Kukwera kwakukulu chotere sikungakhale kwa mwayi wokha, komabe pa nthawi yomweyo timuyo idalemba mkulu watsopano, idabweretsa osewera achikulire odziwa kuponya patali monga Malik Beasley ndi Tim Hardaway Jr., ndipo katswiri wake wachinyamata Cade Cunningham adali atakhwima ndi chaka china.

Chosokoneza chachiwiri ndi kuchepa kwa masewero a ndime yachipulula. Nyengo ya masewero 82 imaonetsa mphamvu zenizeni za timu, koma mpikisano wa masewero asapitirire asanu ndi awiri ukhoza kutembenuzidwa ndi bondo limodzi lopindika kapena mpira umodzi wogunda mkombero n'kutuluka. George Karl adapambana masewero 57 ndi Denver Nuggets mu nyengo ya 2012-13 ndipo adalandira mphoto ya mphunzitsi wa chaka, koma adachotsedwa mu Juni 2013 timu itatuluka m'gawo loyamba, ngakhale kuti Danilo Gallinari, mmodzi mwa omwetsa ake odalirika, adavulala bondo nyengo ili pafupi kutha. Chogwirizana ndi chimenechi ndi chizolowezi choweruza ganizo poona zotsatira zake, moti mphunzitsi akakonza njira yabwino yopezera mpata woponya ndipo wosewera n'kuphonya, sapota amati njirayo idali yolakwika, pomwe njira yoipa imene yathera m'dengu imatchedwa nzeru zakuya.

Chosokoneza chachitatu ndi kugonja kwadala. Chaka chilichonse matimu amasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji ndi m'maiko ena, ndipo matimu amene adachita moipa ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha poyamba kudzera m'maere amene adayamba mu 1985. Pachifukwa ichi akuluakulu ena amagulitsa osewera abwino mwadala kuti timu itsike kwa zaka zingapo, monga idachitira Philadelphia 76ers, imene pansi pa Brett Brown idapambana masewero 19, 18 ndi 10 m'nyengo zitatu zotsatizana kuyambira 2013. Brown sadachotsedwe pa nthawiyo chifukwa akuluakulu adadziwa chimene adamupatsa, ndipo adadzachotsedwa mu 2020 timu ili ndi akatswiri koma ikulephera kupita patsogolo. Kafukufuku amene katswiri wa zachuma David Berri ndi anzake adatulutsa mu 2009 adapeza kuti aphunzitsi ochepa okha, monga Phil Jackson ndi Gregg Popovich, ndi amene ankaoneka kuti akukweza kaseweredwe ka osewera mowonekera m'ziwerengero, pomwe ambiri sankasiyana kwenikweni wina ndi mnzake.

Mtengo wa kuchotsa ndi mphamvu ya masapota

Kuchotsa mphunzitsi kuli ndi mtengo wa ndalama ndi wa nthawi. Makontirakiti a aphunzitsi nawonso amakhala otsimikizika, ndipo Detroit, imene idapangana ndi Williams malipiro a madola 78.5 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi, idamuchotsa patatha chaka chimodzi idakali ndi ngongole kwa iye ya madola pafupifupi 65 miliyoni. Mtengo wa nthawi ndi woposa pamenepo, chifukwa mphunzitsi watsopano amabwera ndi omuthandiza ake, machitidwe ake ndi mayina ake a njira zosewerera, ndipo wosewera wachinyamata amene wadutsa m'manja mwa aphunzitsi atatu m'zaka zinayi amakhala akuyambiranso chaka chilichonse. San Antonio Spurs ndi timu imene idasankha njira ina, popeza Gregg Popovich adaiphunzitsa kuyambira 1996 kufikira pamene adatula pansi udindo mu 2025, ndipo adapambana zikho zisanu n'kufika m'ndime yachipulula nyengo 22 zotsatizana. Komabe Popovich yemweyo adalowa pa mpandowo atachotsa Bob Hill mu Disembala 1996, iye ali mkulu wa timu, pa nthawi imene timu idapambana masewero 3 mwa 18 katswiri wake David Robinson ali wovulala, ndipo masapota ambiri adaona ngati Hill adachitiridwa nkhanza. Nyengo yoipayo ndi imene idapatsa timuyo mwayi wosankha Tim Duncan mu 1997.

Masapota alibe voti pa nkhaniyi, pakuti matimu a NBA ndi katundu wa anthu olemera kapena makampani, mosiyana ndi magulu ena a mpira wamiyendo amene mamembala ake amasankha atsogoleri. Mphamvu yawo imadzera m'matikiti, m'phokoso la m'bwalo, m'mapulogalamu a wailesi oimbira foni ndi pa intaneti. Mu nyengo ya 2007-08 masapota a New York Knicks ankafuula mobwereza m'bwalo la Madison Square Garden kuti mphunzitsi Isiah Thomas achotsedwe, ndipo iye adachotsedwadi mu Epulo 2008 timu itapambana masewero 23 okha, ngakhale kuti mwini timu adatenga miyezi yambiri asanachitepo kanthu. Nthawi zina zimatembenuka, akuluakulu n'kuchotsa munthu amene masapota ambiri ankamukonda. Michael Malone, amene adapatsa Denver chikho chake choyamba mu 2023, adachotsedwa mu Epulo 2025 kutatsala masewero atatu kuti nyengo ithe, ndipo tsiku lomwelo timu idalengezanso kuti ikusiyana ndi mkulu wake Calvin Booth, amene ankadziwika kuti sagwirizana ndi Malone. Tom Thibodeau adachotsedwa ku Knicks mu Juni 2025 atafikitsa timuyo m'ndime ya matimu anayi kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 2000, ndipo masapota adagawikana pakati pa amene ankati amatopetsa osewera asanu oyamba posagwiritsa ntchito apabenchi ndi amene ankati munthu wobweretsa chipambano chotere sayenera kuthokozedwa ndi kalata yomuchotsa. Mwa aphunzitsi asanu amene adapambana chikho kuyambira 2019 kufikira 2023, anayi, omwe ndi Nurse, Vogel, Budenholzer ndi Malone, adali atachotsedwa pofika Epulo 2025, ndipo Kerr yekha ndiye adatsala pa mpando wake.

Njira yoweruzira mwachilungamo

Zitsanzo zonsezi zikaikidwa pamodzi, zikuoneka kuti kusintha mphunzitsi kudapindula kwambiri pamene timu idali kale ndi osewera oyenera chikho ndipo chosowa chidali chodziwika bwino, monga kaseweredwe kamene kankatsekereza luso la osewera ku Chicago ndi ku Golden State, kapena kusamvana pakati pa mphunzitsi ndi akatswiri ake ku Los Angeles ndi ku Cleveland. Kusinthako kudalephera pamene kudachitika pofuna kubisa zolakwa za amene adasankha osewera, kapena pofuna kuziziritsa mkwiyo wa sabata imodzi. Choncho funso loyamba loyenera kufunsidwa ndi lakuti timuyi, poona osewera amene ilipo nawo ndi amene adavulala, ikadayenera kupambana masewero angati, chifukwa mphunzitsi amene wapambana 35 ndi timu yoyenera 25 wagwira ntchito yoposa amene wapambana 50 ndi timu yoyenera 60. Funso lachiwiri ndi lakuti osewera achinyamata akukula kapena aima, lachitatu ndi lakuti cholakwa chimodzimodzi chikubwerezedwa chaka ndi chaka kapena chikukonzedwa, ndipo lachinayi ndi lakuti osewera akadali kulimbikira pa ntchito zosaoneka, monga kutchinga ndi kubwerera kumbuyo mwamsanga, popeza zimenezi ndizo zimayamba kufooka mphunzitsi akasiya kumveredwa.

Funso lomaliza, limene masapota okwiya amakonda kulidumpha, ndi lakuti adzalowe m'malo ndani, nanga adzachita chiyani chimene wochokayo sankachita. Owerenga amene amatsatira mpira wamiyendo kuno kwathu adzaona kuti mafunso omwewa ndi amene amasoweka nthawi zonse timu yaikulu kapena timu yadziko ikagonja kawiri katatu. Sapota ali ndi ufulu wodandaula, popeza ndi ndalama zake ndi chikondi chake zimene zimayendetsa masewerowa, koma dandaulo limene silikutchula cholakwa chenicheni ndi munthu amene angachikonze silingatchedwe chiweruzo. Mphunzitsi ayenera kuchotsedwa pamene pali umboni wa nyengo zingapo wosonyeza kuti osewera omwewo angachite bwino m'manja mwa munthu wina, ndipo umboni wotere ukasowa, amene ayenera kuyankha mafunso ndi mkulu wosankha osewera pamodzi ndi mwini timu.